Nkhoswe pa Ulendo wa Mbalame

Ine ndinabwezedwa kwathu ngati mbuzi yokanika kugulitsa, komatu mbuzi ili bwino chifukwa imamva chingwe m'khosi n'kuyamba kulira. Ine ndinakwera ndekha galimoto, nditadzola mafuta, nditamanga duku latsopano, ndikumwetulira aliyense. Anandiuza kuti tikupita kukaona mbalame, ndipo ndinakhulupirira. Mpaka lero chimene chimandiwawa kwambiri si kulira kumene ndinalira kumapeto, koma kuseka kumene ndinkaseka m'njira.

Anali masiku a Chitaganya, mvula itangosiya, anthu akukumba nsawa. Amuna anga, a Fanuwelo Tembo, anali khukhi wa mzungu wina wa zaulimi pa Sinda. Dzina la mzunguyo linkatipinda lilime, ndiye tinkangomutchula Bwana Kakowa, poti anali ndi miyendo italiitali ndipo ankatha kuima m'madzi malo amodzi mpaka woonerera n'kutopa. Ntchito ya boma ankagwira, inde, koma mtima wake unali pa mbalame. Sankazipha, sankazidya. Ankangozijambula ndi kamera n'kubwerako atakhuta ngati wadya.

Kwathu ndi kufupi ndi Vubwi, m'mphepete mwa dambo la Nyamatete. Dambolo boma linali litaliikira chikwangwani ndi mlonda, kuti munthu asatchere msampha kapena kuwombera mfuti mmenemo. A Tembo anandipeza kumeneko, atabwera ndi bwana wawo ulendo woyamba. Chikamwini anangochilawa. Anadandaula za ntchito, ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pansi, n'kuvomereza chitengwa. Umu ndi mmene ndinapezekera ku Sinda, pakati pa anthu olankhula Chichewa akamakukonda ndi Chinsenga akamakunena.

Zaka zinapita, kumbuyo kwanga kulibe mwana. Anzanga ankaitana amuna awo kuti bambo a uje, ine ndikungoti a Tembo ngati ndikuitana mlendo. Apongozi anga aakazi anayamba kuponya mawu pamtondo, poganiza kuti Chinsenga sindichimva. Ndinkachimva chonse. Ndinkadziwa kuti banja langa likugwedezeka ngati dzino, ndipo tsiku lililonse ndinkaligwira ndi lilime kuti ndione ngati lilipobe.

Ndiye tsiku lina a Tembo anabwera kuchokera kuntchito akuimba mluzu.

"Esinati, chapa zovala zako. Bwana akupita ku Nyamatete kukajambula mbalame. Ndamupempha kuti upite nawo, ukaone amayi."

"Ine? Pa galimoto ya bwana?"

"Iwe amene. Wavomera. Ukaonenso mmene timagwirira ntchito, usamangomva."

Ndinagwada pomwepo n'kuwomba m'manja. Kwathu ndinali ndisanapondeko chitengedwereni. Mumtima ndinati mwamuna amene akufuna kukusiya sangakupemphere malo pa galimoto ya mzungu. Ndinagona mtima uli m'malo, chitsiru ine.

M'mawa wa ulendo anandiuza kuti nditsogole ku sitolo ya pamsewu waukulu, ndikagulire amayi shuga ndi sopo, iwo andipeza komweko akatha kupakira. Ndinagula, ndinakhala pakhonde la sitolo, ndinadikira mpaka mthunzi unandithawa. Kenaka kalole ka bwana kanatulukira, katundu atakutidwa ndi tenti n'kumangidwa zingwe. Kutsogolo kunali bwana ndi dalaivala. Kumbuyo kunali a Tembo, ndipo pambali pawo, atavala jekete, chipewa ndi ambulera m'manja, anakhala a Sakala.

A Sakala anali atsibweni a amuna anga, ndipo ndiwo anali nkhoswe ya banja lathu ya kuchimuna. Ndinagwada m'fumbi momwemo kuwapatsa moni, kenaka ndinanong'oneza a Tembo.

"Apongozi akupita kuti?"

"Atsika pa Katete. Akukaonetsa maso kuchipatala."

Amene sanakhalepo kumbuyo kwa lole ndi apongozi aamuna sadziwa mavuto. Kumudzi ukawaona umapatuka njira, koma pa lole upatukira kuti? Ndinakhala mowafulatira, mawondo nditawapinda, dzanja lina litagwira chingwe, lina likukanikiza nsalu kuti mphepo isandichititse manyazi. Galimoto ikagunda bampu ndinkawagwera ndi msana n'kupepesa. Iwo ankangoti, "Palibe kanthu mayi, msewu ndiwo wopanda ulemu." Ndinkaseka. Anali mdala wa nthabwala, ndipo ndinkawakonda.

Tisanafike pa Katete tayala linaphulika. Tayala lapadera nalo linapezeka lopanda mpweya, ndipo pompa inkapuma ngati nkhalamba ya chifuwa. Dalaivala ndi a Tembo anagona pansi pa lole akutukwana jeke, bwana analowa m'tchire kutsatira kambalame kena kamene kanalira kumeneko, ine ndinakhala pansi pa mtengo wa msuku ndikupukuta fumbi m'makutu. Duku langa latsopano linali litasanduka lofiira. Panadutsa mayi wina atasenza nzimbe, a Sakala anamuimitsa n'kundigulira umodzi, n'kundisendera okha ndi mpeni wawo.

"Idyani mayi, ulendo ndi wautali."

Ndinadya nzimbe umenewo ndikuthokoza. Ndikaganiza tsopano, ndimalakalaka ndikanawalavulira zitsotso zake pajekete.

Pa Katete tinafika dzuwa lili pamutu. Bwana anapita kukamwa tiyi kwa azungu anzake, dalaivala anapita kukamatitsa matayala, ife tinatsala pakhonde la sitolo ya Mmwenye. A Tembo anandigulira mabanzi ndi tiyi wamkaka, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiranireni. A Sakala anatsika, anatsegula ambulera yawo, anayenda cha kumsika, ine n'kutambasula miyendo kuti basi ndapuma. Koma injini itangolira, ndinaona chipewa chija chikutulukira kuseri kwa sitolo. Anakweranso n'kukhala pamalo pawo pomwe paja.

"Nanga maso aja?" ndinafunsa a Tembo motsitsa mawu.

"Akuti anthu achuluka kuchipatala. Atsikira pa Chadiza, kuli sing'anga wina wodziwa za maso."

Maso amene ankadwalawo ndi omwewo amene anaona nkhwali m'udzu ife tonse tisanaione, koma ine sindinaganize kanthu.

Titapatuka msewu waukulu kulowera ku Chadiza, bwana analola mayi wina wonyamula dengu la nkhuku kuti akwere. Anali mayi wolongolola. Tisanayende n'komwe anali atatiuza kale za mwamuna wake amene anapita ku migodi, za ng'ombe ya mlamu wake ndi za mwendo wake wotupa. Kenaka ananditembenukira.

"Nanga inu amayi, mwana mwamusiya ndi ndani?"

"Tikudikira Mulungu," ndinayankha.

A Sakala anatsokomola n'kuyang'ana kumapiri. A Tembo anayamba kumanganso chingwe chimene chinali chomangika kale. Mayi uja anazindikira kuti waponda pachilonda, ndiye anayamba kukalipira nkhuku zake.

Tsoka lachiwiri tinalipeza pa kamtsinje kena pamene madzi anakokolola mitengo ya mlatho. Dalaivala anati tidutsa m'munsi mwake, ndipo tinadutsadi mpaka pakati, pamene lole inakhala pansi m'matope n'kukana kupita kutsogolo kapena kubwerera. Tinatsika tonse. Amuna a m'mudzi wa pafupi anabwera ndi nkhwangwa, anadula nthambi, anakumba, anakankha, tayala likungozungulira n'kuwamwaza matope kumaso. Wina anati titsitse katundu kuti lole ipepuke. Anatsitsa matebulo, mipando ndi mapoto a bwana, koma munthu atagwira chingwe cha kumapeto, a Tembo anakuwa ngati waona njoka.

"Uko ayi! Uko kuli makamera, asakhudze munthu!"

Ine ndinawanyadira. Ndinati taonani mwamuna wanga mmene amasamalira katundu wa bwana. Bwana mwiniwakeyo sankadziwa n'komwe kuti tavutika. Anali atapeza chisa cha nantchengwa pamphanda ya mtengo, ndipo anabwerako akuseka yekha, matope mpaka m'mawondo.

Pa Chadiza tinafika dzuwa likulowa. Bwana anagona kunyumba ya alendo, amuna anagona pa lole, ine ananditengera kwa mkazi wa mesenjala wina wa pa boma, a Nangozo. Anali mayi wamkulu, wosachedwa kuzolowerana naye. Tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba anandifunsa za ulendo, ndipo ndinawafotokozera monyada: mbalame, makamera, amayi anga.

"Nanga mdala wa ambulera uja ndi ndani?"

"Ndi atsibweni a amuna anga. Ndiwo ankhoswe athu."

A Nangozo anasiya kutsuka. "Ankhoswe? Nawonso amajambula mbalame?"

"Ayi, atsika pompano. Akufuna sing'anga wa maso."

"Mwanawe, ine pano ndakhalitsa. Sing'anga wa maso kuno kulibe." Anatsanulira madzi pansi, n'kundiyang'ana mondimvera chisoni. "Sindikunena kanthu ine. Koma galu wamkota sakandira pachabe. Nkhoswe sivala jekete n'kudya fumbi masiku awiri chifukwa cha atsekwe."

Kutacha ndinalawirira kwa a Tembo, ndinawapeza akuwiritsa madzi a tiyi wa bwana, ndipo ndinagwada pambali pa moto.

"A Tembo, ndiuzeni zoona. Apongozi akukatani kwathu?"

"Palibe chimene akukachita. Akuti m'malo mobwerera okha angopitirira nafe, akapereke moni kwa atsibweni ako. Nanga n'cholakwa?"

"Ngati pali nkhani, ndiuzeni pompano. Ndine munthu, ndimva. Musakandichititse manyazi pamaso pa amayi."

Anaika ketulo pansi, anandigwira dzanja, n'kundiyang'ana m'maso. "Esinati, Mulungu akundiona. Palibe nkhani. Ukumvera amayi a pa boma, anthu osowa chochita? Tikaona mbalame, ukacheza ndi amayi, tibwerera limodzi."

Munthu ameneyu ankaimba nyimbo kutchalitchi Lamulungu lililonse. Atatchula Mulungu, ine ndinachita manyazi kuti ndamuganizira zoipa, mpaka ndinapepesa. Inde, ndinapepesa ine. Pokwera lole a Nangozo anandipatsa mbatata zootcha, ndipo ndinawatsanzika mouma ngati andilakwira.

Kuchokera pa Chadiza msewu unasanduka njira ya ngolo. Tinkakumana ndi anthu a njinga, ena ochokera ku Nyasalande, ena kwa Apwitikizi, onse akutsika n'kulowetsa njinga m'udzu kuti tidutse. Ndinayamba kuzindikira mapiri. Ndinayamba kumva anthu akupatsana moni ndi Chichewa cha kwathu. Ndinaiwala apongozi, ndinaimirira nditagwira chitsulo, ndikuwalozera a Tembo: apo ndi pamene tinkatola masuku, uko ndi kumene ankakhala azakhali. Iwo ankangogwedeza mutu.

Pa mphambano pamene njira ina imakwera kumudzi kwathu, ina n'kutsikira kudambo, lole inatsikira kudambo. Ndinamenya denga la kutsogolo kuti dalaivala wasochera.

"Khala pansi," anatero a Tembo. "Bwana akufuna ajambule dzuwa lisanapendeke kwambiri. Kumudzi tipita madzulo."

Mlonda wa dambo anali atalandira uthenga kale, ndipo anali atamanga tizisakasa tiwiri ta bango m'mphepete mwa madzi, motalikirana. Apa ndi pamene ndinaphunzira ntchito yawo. A Tembo anandifotokozera tikuyenda m'matete kuti mbalame imaona munthu akubwera, koma siidziwa kuwerenga. Mukapita gulu kukachisakasa, wina n'kulowa, otsalawo n'kubwerera poyera akulankhula mokweza, mbalame zimayesa kuti anthu onse apita, ndiye zimabwerera n'kumadya mtima uli phee. Wam'katiyo ntchito yake ndi imodzi: asagwedezeke, asatsokomole, asatuluke mpaka womusiya uja atabwera kudzamutenga.

"Ukatuluka wekha, wawononga zithunzi za bwana, ndipo ine ntchito yatha," anatero. "Ngakhale nyerere zikulume, upirire. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tinayamba kufika pa kachisakasa kanga. Ndikuwerama kuti ndilowe, bwana anavula magalasi ake oonera patali n'kundikoleka m'khosi. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka.

"Mayi, ona mbalame. Khala chete."

Ndinaona nkhope ya a Tembo ikusintha. Anayankhula ndi bwana m'Chingerezi, bwana anangokupiza dzanja. Ndiye a Tembo anawerama n'kundiuza kuti, "Uziyang'ana kumadzi kokha. Dzuwa likalowa m'magalasimo uchita khungu." Anatseka khomo ndi mtolo wa bango. Ndinawamva akukamusiya bwana, kenaka iwo ndi mlonda akubwerera akulankhula mokweza, monga mwa ntchito yawo. Patapita kanthawi ndinamva injini, ndipo ndinati mwina akusuntha lole kuti isaopseze mbalame.

Ndisaname, zimene ndinaona mmenemo zinali zokoma. Dambo limeneli ndinakulira mmenemo, ndinkachapamo, ndinkadulamo bango, koma mbalame zake ndinkangoziona zikuthawa. Tsiku limenelo zinabwera zokha. Zipweyo zinatera gulu zikuimba mluzu, atsekwe anayamba kusambira mwaulesi, akakowa anaima m'madzi ngati mwini dzina uja. Nditaika magalasi m'maso ndinadzidzimuka mpaka ndinabweza mutu, poyesa kuti tsekwe wandilowera m'kachisakasa. Ndinaona diso lake, ndinaona madontho a madzi akutsetsereka pa nthenga. Kambalame kena ka zala zazitali kankayenda pamwamba pa masamba a kakombo osamira, tiana take tikukatsatira. Mphoyo inatuluka m'matete n'kumwa madzi, makutu ali njo. Udzudzu unkandidya m'miyendo koma sindinaumenye. Ndinali wokondwa, ndipo ndinkathokoza amuna anga mumtima.

Koma mwana wa munthu ali pafupi ndi kwawo sangapirire. Mudzi wathu uli pachitunda kutsidya kwa dambo, ndipo pa kampata ka bango ndinkaona madenga. Ndinati ndingoona pang'ono ngati amayi ali panja. Ndinakweza magalasi.

Choyamba ndinaona lole itaima pabwalo la amayi. Kenaka ndinaona mipando pansi pa mtengo wa mango. Pa mpando wina panali a Sakala, chipewa chili pabondo. Moyang'anana nawo panali atsibweni anga a Labisoni, nkhoswe yanga ine, atavala malaya oyera a kutchalitchi pakati pa sabata, nthawi yokumba nsawa. Munthu savala chotero mlendo akamudzidzimutsa. Ankawadikira. Amayi anakhala pamphasa chapatali, atagwira tsaya.

Ndiye ndinaona a Tembo atakwera pa lole, akumasula chingwe cha kumapeto chija. Anakweza tenti. Munalibe makamera. Munali bokosi langa lachitsulo, mphasa yanga yokulunga, mtondo wanga ndi munsi wake, dengu langa la ziwiya. Ankatsitsa chimodzichimodzi, dalaivala akulandira. Ndinali nditakhala pa katundu wanga yemwe masiku awiri, ndikudya nzimbe.

Magalasi amenewo ndi oipa. Amakufikitsa pafupi ndi munthu mpaka kuona thukuta pamphumi pake, koma sungamugwire ndipo sangakumve. Chodabwitsa n'chakuti ndinkaopabe kutuluka. Ndinkaganiza za zithunzi za bwana ndi ntchito ya amuna anga. Kenaka ndinadzifunsa kuti, amuna a yani?

Ndinakankha bango lija n'kuimirira. Dambo lonse linadzuka. Zipweyo, atsekwe, akakowa, zonse zinauluka nthawi imodzi, phokoso lake ngati mvula ya matalala padenga la malata. Bwana Kakowa anatuluka m'kachisakasa kake akukuwa, nkhope ili psuu, manja m'mwamba. Kaya ankadziwa za chiwembucho kaya sankadziwa, sindinamufunse ndipo sindidziwa mpaka lero. Iye ankalira mbalame zake.

Sindinazungulire njira ya galimoto. Ndinadutsa pakati pa dambo, pa njira imene tinkadutsa tili atsikana, madzi mpaka m'chiuno. Ndinatulukira kutsidya misundu itandimata m'miyendo, nsalu ikudontha, duku litatsala m'matete. Ndinakwera chitunda ndikuthamanga. Ana anandiona n'kuyamba kukuwa kuti aEsinati abwera, aEsinati abwera, koma ataona nkhope yanga anandipatukira njira.

Pabwalo palibe amene anaimirira. Sindinagwade. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaima chilili pamaso pa akuluakulu.

"Mwamaliza?" ndinafunsa.

Atsibweni anga anayamba kusisita mawondo. "Khala pansi mwana wanga. Timati tikuitane tikamvana."

"Mukamvana chiyani? Banja lake la yani? Atsibweni, munadziwa liti?"

"Uthenga unabwera mvula isanathe. Tinati tikakuuza uli kutali, ungadzipweteke. Pepa mwana wanga."

"Pepani sapoletsa chilonda. Inu ndinu nkhoswe yanga. Ndikanathawira kwa inu, koma inu mwavalira anthuwa malaya oyera."

Amayi anayamba kulira pamphasa paja. A Sakala anakonza pakhosi n'kuyamba mawu aataliatali, aulemu, okhala ngati anawayeserera njira yonse. Anati ine ndine mkazi wabwino, wolimbika, sanandipeze ndi cholakwa. Anati koma mbumba imafuna kuona mwana. Anati kumene tachokera kuli mkazi wina, ndipo ali ndi pakati, ndipo mpingo sulola akazi awiri. Anati anaona kuti n'chaulemu kundiperekeza mpaka pakhomo m'malo mondipirikitsa ngati wakuba.

"Wina wake ndani?"

Anayang'ana m'chipewa mwawo. "Lusiya."

Lusiya ndinkaima naye limodzi poimba kutchalitchi. Tinkasinja mtondo umodzi. Ndi amene ankandiuza kuti ndisamvere za apongozi, Mulungu ali ndi nthawi yake.

Ndinatembenukira kwa a Tembo. Anali ataima kuseri kwa lole, akukulunga chingwe m'manja.

"Apongozi alankhula, atsibweni alankhula. Ine sindinakwatiwe ndi iwo. Lankhulani inu. M'mawa munandigwira dzanja n'kutchula Mulungu. Nenani ndi pakamwa panu pomwepo kuti mwandisiya, ndimve."

Bwalo lonse linadikira. Azimayi a nyumba zoyandikana anali atasonkhana m'mbali mwa nkhokwe. A Tembo anayenda pang'onopang'ono mpaka anaima patsogolo panga, ndipo mtima wanga wopusawo unadumphabe, poyesa kuti mwina agwada, mwina anena kuti anawakakamiza. Anatambasula dzanja, maso ali pachifuwa panga.

"Undipatse magalasi a bwana," anatero.

Ndinali nditaiwala kuti ali m'khosi. Ndinawavula n'kuwaika pansi, m'fumbi, pakati pa ine ndi iwo. Anawerama, anawatola, anawapukuta ndi malaya awo, n'kukwera lole kukamutenga bwana. A Sakala anatsala kuti amalize mawu ndi atsibweni. Ine ndinalowa m'nyumba ya amayi n'kukhala pansi, ndikuchotsa misundu m'miyendo, magazi akutsika. Pamenepo ndi pamene ndinalira.

Bwana anamanga tenti yake kutsidya ndipo anakhala masiku angapo akujambula. Utsi wa moto wa a Tembo ndinkauona m'mawa uliwonse ndikatuluka panja. Sanawoloke dambo, ndipo ine sindinatsikireko ngakhale kukatunga madzi. Tsiku limene anachoka ndinangomva injini ikukwera cha ku mphambano.

Katundu uja anakhala pakhonde nthawi yonseyo, ine osamukhudza. Lole itapita, amayi anati chiswe chilowamo, ndipo anayamba kumasula okha ine ndikuyang'ana. Munali zonse. Mthiko, chipande, lichero, tsache, singano zanga, ngakhale kachidutswa ka sopo kamene ndinasiya pa mwala wosambira. M'nyumba ya ku Sinda ija a Tembo sanasiye kanthu koti mkazi winayo adziwe kuti munakhalapo munthu. Pansi pa dengu panali makapu anga adothi loyera amene ndinalandira pa ukwati, kapu iliyonse itakulungidwa payokha m'nsanza, m'kati atathiramo gaga kuti isagundane ndi inzake.

Amayi anamasula imodzi, anaitembenuza, anamasula ina. Anapukusa mutu modabwa.

"Komatu mwamunayu amasamala," anatero. "Msewu wonse uja, taona, palibe ngakhale imodzi yasweka."

Ndinawauza kuti awaike m'nyumba, azimweramo okha.